Mmene Ndinawamanira Madzi Abambo Anga

Abambo anga ankandiitana kuti amayi. Ndinabadwa mwezi womwe amayi awo anamwalira, iwo n'kundipatsa dzina la malemuwo, ndiye kuyambira ndili kumbuyo mpaka nditakhala ndi ana angaanga ndinali amayi basi. Anagwira ukapitawo wa othyola tiyi kwa zaka zambiri pa esiteti ina kufupi ndi Milonde. Akaweruka, asanavule n'komwe majombo, ankafuula ali pakhonde kuti, "Amayi, madzi!" Kapu yawo inali yachitsulo, yoyera, yokhala ndi mzere wabuluu pakamwa pake. Azing'ono anga akaithamangira ankabwezedwa. Madzi a abambo ankabwera ndi ine, ndipo ndinkayenda nazo monyada zimenezi.

Makolo awo anachokera ku Mozambique, anawolokera pa Muloza kudzafuna ntchito m'minda ya tiyi. Abambo anakula ndi Chilomwe koma ife sanatiphunzitse. Ankati Chilomwe sichikhozetsa mayeso. Ankachiyankhula ndi amayi anga okha, makamaka akafuna kutibisira nkhani kapena akayambana, moti ine ndinakula ndikuyesa kuti ndi chiyankhulo chokalipirana. Sindinkadziwa ngakhale liwu limodzi.

Linali Loweruka m'mwezi wa Okutobala, kunja kukuwotcha kuyambira m'mawa. Nthawi imeneyo abambo anali atapuma ntchito, akulima zinanazi kumudzi, ine ndikuphunzitsa pasukulu ina kufupi ndi Thuchila. Cha m'ma leveni foni inalira. Amayi anga saimba foni, amangofulasha kuti uwaimbire ndiwe. Nditaona kuti ikulirabe osaduka, ndinadziwa kuti kwagwa nkhani.

"Abambo akowa agwa," anatero amayi. "Akuyankhula ngati aledzera, chonsecho samwa."

"Agwa nthawi yanji?"

"Mamawa, akumangirira zinanazi panjinga."

"Mamawa? Ndiye mpaka pano mumatani?"

"Tawapatsa tiyi. Akulu ampingo abwera, apemphera. Timati mwina atsitsimuka."

Ndinakalipa pafoni pomwepo, sindibisa. Ndili ndi mtima wapachala, ndipo aliyense kwathu amadziwa kuti ndinautengera kwa abambo omwewo. Ndinakwera minibasi, kenako kabaza, njira yonse ndikuuza wakabazayo kuti apalase ngati munthu wadya.

Ndinawapeza atawagoneka pamphasa pansi pa mtengo wa mapeyala. Pakamwa panali patakhotera mbali imodzi, malovu akutsika, malaya atanyowa ndi tiyi. Ndinanyamula mkono wawo wamanja n'kuusiya, ndipo unangogwa ngati si wawo. Maso ankandiona bwinobwino, milomo ikugwedezeka, koma chotuluka chinali phokoso chabe. Amayi anati tiyi uja anayesa katatu, ndipo katatu konse anatulukira m'mphuno, abambo n'kutsokomola mpaka maso kufiira.

"Ndiye mumapitirizanso chifukwa chiyani?" ndinafunsa.

"Munthu angapite kuchipatala m'mimba mulibe kanthu?"

Ndinathamangira kumsika kukafuna galimoto. Mwamuna wina wa pamsika anavomera kutitenga pa pikapu yake. Tinayala matiresi kumbuyo, ine n'kusanjika mutu wa abambo pamwendo panga.

Tinafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Dokotala amene anatilandira anali mtsikana wamfupi, wamng'ono kwa ine, woyankhula mosathamanga. Funso lake loyamba silinali lakuti akumva kupweteka pati. Anafunsa kuti, "Munawaona komaliza ali bwinobwino nthawi yanji?" Amayi analoza kum'mawa, chala chili pansi, kusonyeza pamene dzuwa linali. Dokotalayo anawerenga maola ndi zala zake mpaka zala za dzanja limodzi zinatha, n'kuyamba linalo.

Anatiuza kuti imeneyi ndi sitiroko. Mtsempha wina mu ubongo unali utatsekeka ndi magazi oundana, kapena utaphulika, ndipo kunja kwake ziwirizi zimaoneka mofanana. Anati alipo mankhwala osungunula magazi oundanawo, koma amapezeka m'zipatala zochepa, ndipo amaperekedwa munthu akafika m'maola oyambirira atajambulidwanso mutu. Kwa ife nthawi imeneyo inali itadutsa. Ngakhale asipirini sakanawapatsa asanadziwe zomwe zachitika m'mutumo, chifukwa ngati mtsempha waphulika, asipirini amangowonjezera kutaya magazi. Anawabaya pachala kuyeza shuga, anawayeza bipi, n'kutsegula kabuku kawo ka kuchipatala. Munali mutalembedwa mapiritsi a bipi amene anapatsidwa miyezi yambiri m'mbuyomo. Amayi anayang'ana pansi. Anati abambo anasiya kumwa atangoyamba kumva bwino, ndipo mapiritsiwo anali m'chitini pamwamba pa kabati.

Ine, ndi uphunzitsi wangawu, ndinati, "Ndiye bipiyo itsitseni msanga."

"Pang'onopang'ono," anatero dokotala. "Tikaigwetsa kamodzin'kamodzi, mbali ya ubongo imene ikuvutikayo isowa magazi. Koma chimene chikundidetsa nkhawa lero ndi apa." Anagwira pakhosi pake.

Anawadzutsa abambo kuwakhazika tsonga, anamwino awiri atawagwira. Anatenga kasupuni ka madzi, n'kuika zala ziwiri pakhosi pawo, n'kuwamwetsa. Madzi anakhala m'kamwa kanthawi, ena anatsika pachibwano, kenako abambo anatsamwa. Anatsokomola mofooka, ndipo akamapuma, mpweya unkamveka ngati ukudutsa m'madzi.

"Mwamva?" anatero dokotala. "Pakhosi pali njira ziwiri, ya chakudya ndi ya mpweya. Sitiroko yafooketsa chotsekera chake. Chilichonse chimene mungawapatse pakamwa chikhoza kupita m'mapapo, n'kuyambitsa chibayo, ndipo chibayo chimenecho chikhoza kuwatenga. Kuyambira pano, pakamwa pasalowe kanthu. Madzi ayi, phala ayi, ngakhale dontho. Madzi alowera m'diripi, chakudya ndi mankhwala tidutsitsa m'kachubu ka m'mphuno."

Analemba zomwezo papepala ndi zilembo zikuluzikulu n'kumata pakhoma, kumutu kwa bedi.

"Chubu ndiye ayi," anatero amayi. Aka kanali koyamba kuyankhula mokweza chifikireni. "Aliyense amene ndinamuona ndi chubu m'mphuno sanatuluke wamoyo."

Dokotala anafotokoza mofatsa kuti anthuwo ankawaika chubu chifukwa anali atadwala kale kwambiri, osati kuti chubuyo ndiyo inawapha. Amayi anangopukusa mutu. Ndiye dokotala anafunsa kuti, "Gadiyani ndi ndani pano?"

"Ndine," ndinatero.

Amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutuluka panja. Poika chubuyo abambo analimbana nafe ndi dzanja lamanzere, lomwe linali lidakali ndi mphamvu zake zonse. Amene anagwira dzanjalo n'kulipanikiza pabedi ndinali ine. Nthawi yonse imene chubu inkalowa, maso awo anali pa ine.

Lamulungu m'mawa abambo anayankhula. Ndinali ndikuwapukuta kumaso pamene milomo inatseguka, n'kumveka, "Maa... hi." Ndinatsala pang'ono kugwetsa beseni. Ndinathamangira kwa namwino kukamuuza kuti abambo andiitana, anena kuti amayi, ndi mmene amandiitanira. Ndinabwerera n'kugwira dzanja lawo.

"Ndili pano, ababa. Ndine amayi anu, sindichoka."

"Maahi," anatero, diso lili pa ine.

"Ee, ababa, ndili pompano."

Tinakhala choncho m'mawa wonse. Iwo akati maahi, ine ndili pano. Ndinaimbira azing'ono anga onse kuwauza kuti mawu ayamba kubwerera ndipo oyamba ndi dzina langa. Ndinasangalala mpaka kuyamba kucheza ndi magadiyani a pabedi loyandikana. Amayi anga anali atakhala pansi pasimenti, miyendo atatambasula. Itakwana nthawi ya nkhomaliro, abambo atabwerezanso liwu lija, amayi anayankhula osandiyang'ana.

"Sakuitana iwe."

"Mukuti chiyani?"

"Maahi ndi madzi. Chilomwe chimenecho. Kuyambira m'mawa bamboyu akupempha madzi, iwe n'kumangoti ndili pano, ndili pano."

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire, ndipo pansi pa manyaziwo panali mantha. Dokotala atabwera anati zimachitika: sitiroko ikakhudza mbali ya ubongo yosunga mawu, nthawi zina chiyankhulo chimene munthu anayamwira ndicho chimayamba kubwerera. Anati abambo akumva zambiri kuposa zimene angathe kunena, koma sitingadziwe kuti akumva mpaka pati. Ndinawerama n'kuwafotokozera m'Chichewa za njira ziwiri za pakhosi, za mapapo, za diripi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Maahi."

Wodiyo inali ya malata, ndipo masana a Okutobala munkatentha ngati m'uvuni wa njerwa. Milomo ya abambo inayamba kung'ambika. Anamwino anandionetsa mmene ndingawatsukire m'kamwa ndi kansalu konyowa, kofinya bwino, kangapo patsiku, komanso mmene tingawatembenuzire maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda. Kutembenuzako amayi ankandithandiza. Zotsuka m'kamwa anakana, anati kumeneko ndi kumunyogodola munthu waludzu.

Lolemba anatitengera ku Blantyre pa ambulansi kukajambula mutu. Chithunzi chinaonetsa kuti mtsempha unatsekeka, sunaphulike. Tinabwerako dzuwa lisanalowe, ndipo anayamba kuwapatsa asipirini wophwanya, wosungunula, kudzera m'chubu. Phala lamadzimadzi nalonso linkadutsa momwemo ndi sirinji yaikulu yopanda singano. Ndinkawaonetsa amayi kuti onani, akudya, m'mimba mukulowa chakudya. Amayi ankati chakudya chosadutsa palilime si chakudya.

Lachiwiri masana, nthawi yoona odwala, kunafika azakhali. Ndi mlongo wawo wa abambo, amagulitsa nyemba ndi zitenje pa Muloza, ndipo mawu awo amamveka tsidya lina la msika. Analowa ndi fulasiki m'manja. Anagwada pambali pa bedi n'kuyamba kuyankhula ndi abambo m'Chilomwe, motsitsa, mosisita. Abambo anagwetsa misozi. Anati, "Maahi," ndipo azakhali anatembenuka kufunafuna kapu. Amayi anapisa m'chikwama n'kutulutsa kapu ija yoyera ya mzere wabuluu. Sindinkadziwa kuti anabwera nayo. Azakhali anathiramo thobwa.

Ndinaima pakati pa iwo ndi bedi.

"Azakhali, pepani, sakumwa kanthu pakamwa."

"Wanena ndani?"

"Adokotala. Zalembedwa apo."

"Adokotalawo ndi mlongo wawo? Anabadwa nawo?" Anadzuka. "Munthu akupempha ndi pakamwa pake, iwe n'kumandiwerengera pepala? Sukulu yakeyo ndi imeneyi? Ngakhale wakuba akamugwira pamsika, akapempha madzi amamupatsa. Choka apa, mwana iwe."

"Sindichoka. Akamwa, zipita m'mapapo."

"Nanga akafa ndi ludzu lomweli? Ndiwe udzayankhe. Pamaliro padzakhala anthu, ndipo ine ndidzanena kuti mwana wake yemwe, amene anamupatsa dzina la mayi athu, ndi amene anamumana madzi."

Azakhali sankangoopseza. Kwathu munthu akamatsirizika amamudonthezera madzi pakamwa, ndipo pamaliro azimayi amanong'onezana kufunsa ngati anamwako. Ndinawamvapo ndi makutu anga akutchula mabanja amene anasiya munthu wawo kupita kukhosi kuli gwa. Ndinayang'ana amayi kuti mwina andithandiza. Anali akuyang'ana pakhoma.

Azakhali anandikankha ndi phewa n'kutambasula dzanja kupita kukamwa kwa abambo. Ndinalanda kapuyo. Thobwa linakhavukira pachitenje chawo ndi pansi, ndipo anthu onse m'wodimo makosi anali kuno. Ndinamva wina chakumapeto akuti, "Koma ana a masiku ano." Pomwepo dzanja lamanzere la abambo linandigwira pamkono. Kapu inali idakali m'manja mwanga, muli thobwa pang'ono pansi pake. Anayamba kukoka mkono wanga kupita kukamwa kwawo, pakamwa atayasamula mbali imene inkatheka. Bambo amene anagwira khasu ndi chikwanje moyo wawo wonse, mphamvu zinalipo. Ndinalimbana nawo. Ndinatembenuza kapuyo, thobwa lotsalalo n'kutayikira pansi iwo akuona.

Anandisiya. Sanalirenso. Anangondiyang'ana, ndipo kuyang'ana kumeneko ndinkakudziwa. Ndi mmene ankayang'anira munthu amene wawanamiza.

Namwino anabwera n'kuwatulutsa azakhali mwaulemu. Anapita akuyankhula mpaka kugeti. Ine ndinakhala pansi pomwe panatayikira thobwa paja.

Lachinayi m'mawa thupi la abambo linatentha. Ankapuma mothamanga, pachifuwa pakumveka kuti khoro, khoro. Dokotala anamvetsera kumsana ndi chomvera chake, nkhope n'kusintha. Anati chibayo chayamba mbali yamanja. Anawaika pa mpweya, n'kuyamba kuwabaya mankhwala amphamvu kudzera pa diripi. Ndinamufunsa ngati achira. Anati tiona masiku awiri akubwerawa.

Ndinapsa mtima osaona kutsogolo. Ndinatenga chikwama cha amayi n'kukhuthula zonse pansi, anthu akuona. Ndinatola kapu ija n'kupisamo chala kuti ndione ngati ili yonyowa.

"Mwawapatsa! Ndinangopita kokasamba, inu n'kuwapatsa!"

"Sindinawapatse," anatero amayi.

"Mukunama!"

Mawu amenewa ndinawanena kwa amayi anga ondibala, pagulu. Kapuyo inali youma, munali fumbi la m'chikwama. Dokotala anandigwira paphewa n'kundiuza kuti nditsitse mawu. Anati n'kutheka kuti ndi malovu awo omwe akulowera njira yolakwika, ndipo n'kuthekanso kuti zinayamba ndi zimene zinalowa tsiku loyamba asanafike kuchipatala. Ananena mosaloza munthu chala, koma amayi anamva.

"Tiyi uja?" anafunsa.

Dokotala anati palibe angadziwe, ndipo aliyense wosauzidwa akanachita chimodzimodzi. Amayi anatola zinthu zawo chimodzichimodzi n'kubwezera m'chikwama. Atamaliza anati, "Ndiye kuti ndawapha ndine," n'kutuluka. Ndinawapeza kuseri kwa khitchini ya magadiyani atakhala pamwala. Ndinagwada n'kupepesa. Anandisunthira kuti ndikhale nawo pamwalapo.

Kuyambira tsiku limenelo amayi sanatchulenso za madzi. Koma kumva amuna awo akupempha sankatha. Abambo akangoti maahi, amayi ankadzuka mwakachetechete n'kutuluka, otsala pabedipo ndinali ine. Amene ankati, "Ayi, ababa, pirirani," ndinali ine. Amene ankachotsa botolo la madzi la odwala oyandikana nawo kuti lisaoneke ndinali ine. Lachisanu masana, thupi lili moto, ndikuwatsuka m'kamwa, analuma kansalu kaja n'kuyamba kukayamwa. Ndinayesa kukoka, iwo analimbitsa mano. Ndinachita kuwatsina masaya ngati mmene timachitira ndi mwana amene waika mwala m'kamwa, mpaka anakasiya. Ndinapita kumpopi panja n'kulira. Ludzu linali litandigwira inenso, koma ndinalephera kumwa.

Masiku awiri amenewo ndinkadzifunsa funso limodzi lokha. Ngati akupita ndithu, ndikuwamaniranji? Ndinkaona kale maliro, azimayi ali m'nyumba, azakhali akuloza. Loweruka ndinafunsa dokotala mosapita m'mbali kuti andiuze ngati palibenso chiyembekezo, kuti ndiwapatse madzi ndi dzanja langa asanapite. Anati, "Ndikadzaona kuti tafika pamenepo, ndidzakuuzani ndine, ndipo supuni ndidzakupatsani ndine. Lero sitinafike." Ndinagwira mawu amenewo chifukwa panalibenso china chogwira.

Lamulungu thupi linazizira. Anawachotsa pa mpweya. Afiziyo, amene amaphunzitsa odwala kugwiritsanso ntchito ziwalo, anali atayamba kale kubwera kudzawongola mkono ndi mwendo wakufawo, ndipo tsopano anayamba kuwakhazika m'mphepete mwa bedi, mapazi ali pansi. Lachiwiri lotsatira, tsiku lakhumi ndi chimodzi, dokotala anati tiyesenso kumeza.

Ine ndinathamangira madzi. Anandiletsa. Anati madzi ndiwo ovuta kwambiri chifukwa amathamanga, pakhosi pasanakonzeke iwo adutsa kale. Tiyambe ndi phala lolimbirako, losalala, lopanda mibulu. Amayi anakaphika okha kukhitchini ya magadiyani, n'kulisefa kawiri. Anawakhazika abambo tsonga, chibwano atachiweramitsa pang'ono. Dokotala anatapa theka la kasupuni, kenako anatembenukira kwa ine.

"Mwamenya nkhondo ndinu. Apatseni ndinu."

Ndinalandira supuniyo. Ndinati, "Ababa, yasamulani." Anayang'ana supuni, anayang'ana ine. Anatseka pakamwa n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

Ndinayesanso. Ndinazungulira mbali inayo. Anatembenukanso. Anthu a m'wodi, amene nkhani yathu ankaidziwa yonse, anayamba kuseka chapansipansi. Amayi anatenga supuniyo m'manja mwanga, ananena mawu awiri atatu m'Chilomwe, ndipo abambo anayasamula. Zala za dokotala zinali pakhosi. Tinaona kholingo likukwera n'kutsika. Tinadikira. Sanatsokomole. Dokotala anawauza kuti anene "aa", ndipo mawu anatuluka oyera, opanda madzi. Supuni yachiwiri, yachitatu, chimodzimodzi. Mayi wa pabedi loyandikana analulutira mpaka namwino anamuletsa. Inenso ndinaseka, ndinati akwiya lero lokha, mawa aiwala.

Patapita masiku angapo anachotsa chubu, ndipo madzi anayamba kumwa pang'onopang'ono, atakhala tsonga, amayi atagwira kapu. Tinatuluka ndi thumba la mapiritsi, a bipi, asipirini ndi ena a mafuta a m'magazi, ndi lamulo lakuti asadzasiyenso ngakhale atamva bwino chotani, komanso mchere uchepe m'ndiwo. Kumudzi tinazika nsungwi ziwiri zazitali kuseri kwa nyumba monga anatilangizira afiziyo, abambo n'kumayenda pakati pake atagwira. Pofika nthawi yokolola ankayenda ndi ndodo mpaka kumunda wa zinanazi. Mkono wamanja sunabwerere. Chichewa chinabwerera pang'ono, mawu amodziamodzi osakanikirana ndi Chilomwe. Azakhali anabwera kudzawaona, anadya, anaseka, ndipo za kuchipatala sanazitchule, ngati kuti sikunachitike kanthu.

Koma abambo sanaiwale. Ndinkapita kumudzi Loweruka lililonse. Ankandilola kuwameta ndevu, kuwawenga zikhadabo, kuwagwira mkono potsika pakhonde. Mapiritsi ankatola okha pachikhatho changa. Ndikangobwera ndi kapu, nkhope kumbali. Ndinapempha amayi kuti awafotokozere m'Chilomwe zonse, kuyambira njira ziwiri za pakhosi mpaka chibayo. Anawafotokozera ine ndili pomwepo. Abambo anagwedeza mutu ngati amva. Nditabwera ndi madzi, anayang'ana kumbali. Dzina lija lakuti amayi silinamvekenso. Akafuna ine ankagogoda ndodo pansi.

Zinandipweteka kwambiri, ndipo masiku ena ndinkapsa nazo mtima. Ndinkabwerera ku Thuchila ndikudziyankhulira m'minibasi kuti bamboyu ali moyo chifukwa cha ine, ndiye akundiona ngati mdani. Kenako tinapeza njira yathu osapangana. Amayi akachokapo, ine ndinkatunga madzi m'kapu ija, n'kuika pansi pafupi ndi dzanja lawo lamanzere, n'kupita kuseri kwa nyumba. Kumeneko ndinkaima phee, khutu lili tcheru, mpaka nditamva kapu ikugunda pansi popanda chifuwa. Tinakhala choncho zaka zisanu.

Chaka chomaliza cha moyo wawo, Loweruka lina lotentha, amayi anapita kumaliro kumudzi woyandikana nawo. Tinatsala awiri. Abambo anali pampando wawo pansi pa mtengo wa mapeyala uja, ine ndikutsuka mbale pakhomo la khitchini. Ndinamva, "Maai." Ndinapukuta m'manja, ndinatunga madzi, ndinaika kapu pamalo pake, n'kutembenuka kupita kuseri monga mwa masiku onse.

Ndisanakhote pangodya ya nyumba ndinamvanso. "A... maai."

Ndinaima. Ndinaganiza kuti mwina kapu ili patali, kapena mwagwera kachitsotso. Ndinabwerera kuti ndiisunthe. Kapu inali pomwe ndinaisiya, pafupi ndi dzanja lawo, madzi ali oyera. Abambo sankayang'ana kapuyo. Ankayang'ana ine, ndipo dzanja lamanzere linkamenya pansi pambali pa mpando.

Ndinafuna kuyankha kuti ndili pano, koma ndinaopa kulakwitsanso ngati tsiku lija. Ndinangokhala pansi pamene analozapo. Anaika dzanja lawo pamutu panga, lolemera, lotentha, ndipo ndinalira ngati mwana, osabisa nkhope.

Amayi pobwera kumaliro anatipeza tikadali pomwepo, mthunzi utasuntha kale, dzuwa likutiwomba tonse awiri. Anayang'ana ine, anayang'ana amuna awo, kenako anawerama n'kutola kapu ija. Inali yodzaza, madzi atafunda.